Ndidagwadi mu Mpapaya

Anzanga, nkhani iyi masiku ano ndimaikamba ndekha, chifukwa ndikawasiyira alamu anga amaithira mchere wochuluka mpaka ine mwini wake osadzizindikiranso. Ndiye imvani kwa mwini nkhani, museke mokwanira, nanga si ndidaziputa ndekha.

Zidachitika zaka zija titangolowa kumene m'matipate, aliyense pakamwa patamasuka. Ine ndinkagwira ukalaliki kuchipata cha malire, kuthamanga ndi mapepala a madalaivala a malole opita ku Chipata, ndipo ndidali nditapeza nyumba ya lendi pa esiteti ina yakale ya fodya, kunja pang'ono kwa boma. Nyumbayo idali yokalamba, kukhitchini kunkadontha, koma idali ndi chinthu chimodzi chimene chidandikweza mapewa: madzi otentha a mumpopi! Osati za magetsi ayi. Kuseri kwa bafa kudali boyila, mgolo wachitsulo wogonekedwa pang'anjo ya njerwa, m'mwambamo thanki itakhala pansanja. Ukasonkha moto kunsi kwa mgolowo n'kukatsegula mpopi wofiira m'bafa, madzi ankatuluka akufuka nthunzi. Ine wobadwira ku Dambe, wokula ndikusamba m'beseni kuseri kwa mpanda wa udzu, mukuganiza ndidakhala chete? Ndidalengeza kuntchito, kutchalitchi, ngakhale kumaliro.

Koma m'nyumbamo mudali kanthu kena kamene sitinkakatchula mokweza. Ine ndi mkazi wanga Nabanda tidali titakhalitsa ndithu m'banja popanda mwana, ndipo kwawo ku Mkanda anthu adali atayamba kunong'onezana. Tikapita kukacheza, moni ankapereka kwa ine koma maso ali pamimba pa Nabanda. Zinkandiwawa, iye zinkamuwawa koposa, ndipo mantha anga adali akuti tsiku lina abale ake adzakhala pansi n'kugwirizana kuti banja ili lilibe tsogolo, mwana wawo abwerere kwawo.

Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Juni, chisanu chija chimene chimaluma mpaka m'mano, ndidasonkha moto wanga m'mawa monga mwa masiku onse, ndidalowa m'bafa, ndidavula, ndidadzola sopo thupi lonse, n'kutsegula mpopi wofiira. Mpopi udatsokomola kawiri, udalavula timadzi ta dzimbiri, kenaka zii. Ndidautseka, ndidautsegula, ndidaumenya khofi, koma ayi. Mpopi wa madzi ozizira ndiye unkathira madzi ngati walipidwa. Ndidasamba omwewo ndikuvina, ndipo Nabanda ali kunja adandifunsa ngati ndayamba kwaya m'bafa.

"Ndikuphitsireni madzi pamoto mawa," adatero, "mudikire eni nyumba atumize munthu."

Mawu anzeru, eti? Koma ine ndine munthu wosakhazikika, chinthu chikawonongeka m'nyumba mtima umangoti phaphapha, chakudya sichilowa, kuntchito ndimadinda pepala lolakwika. Komanso ndikadauza bwanji anthu aja ndidawanyadira kuti ndabwerera kubeseni? Ndidati ayi, amayi, izi n'zazing'ono, ndikonza ndekha.

Ganizo langa loyamba lidali lakuti moto ukuchepa. Ndidaunjika nkhuni, zitsononkho, mapesi a fodya, mpaka mpini wa khasu wothyoka udalowa momwemo. Mgolo udayamba kulira, gudugudu, gudugudu, ine n'kumati basi zatheka. Ndithamangire m'bafa, mpopi uli duu. Ndithamangirenso kunja, ndidapeza kapaipi kotulukira nthunzi ka pamgolo kakulavula madzi owira m'mwamba, akugwera padimba la mpiru la Nabanda. Mpiru wonse udafutsidwa uli m'nthaka momwemo! Tambala wa aneba amene ankadutsa adathawa akukuwa, ndipo nthenga za kumchira sadazionenso chaka chimenecho.

Tsiku lotsatira ndidati vuto ndi mpweya, watsekereza m'paipi. Dalaivala wina adandiuza kuti mpweya umachoka ukayamwa ngati mmene amapopera dizilo m'thanki ya lole. Ndidagwada m'bafa, ndidavumata mpopi, ndidakoka ndi mphamvu zanga zonse, ndipo chimene chidabwera chidali matope a dzimbiri odzaza m'kamwa. Ndidalavula mpaka misozi, ndidatsukuluza, koma milomo idatsala yofiirira moti kuntchito adandifunsa ngati ndayamba kudya dothi la pachulu ngati mayi woyembekezera. Nthabwala imeneyo sidandiseketse, mukudziwa chifukwa chake.

Nditaweruka ndidatenga sipanala ya njinga n'kuyamba kugogoda paipi kuchokera kumgolo mpaka kukhoma, ngo, ngo, ngo, khutu nditagunditsa pachitsulo, ngati ndikudziwa chimene ndikumvetsera. Ndikugogoda choncho chogwirira cha mpopi chidathyoka. Ndidapeza waya woyanikira zovala, ndidamulowetsa mumpopi kuti ndikolowole chotsekacho, adalowa bwinobwino, koma potuluka adakana. Ndidakoka, ndidapotokola, ndidatukwana, waya adangotsala akulendewera. Apa Nabanda adaima pakhomo la bafa manja ali m'chiuno.

"Abambo, mpiru wapita, mpopi wathyoka, zovala ndilibe poyanika. Mukapitiriza chonchi ine ndizikasamba kwa aneba."

Munthu wanzeru akadalekera pomwepo. Ine ndidati ayi, chatsala chimodzi, ndikaone m'thanki m'mwambamo, mwina muli chule kapena chisa cha mbalame chatseka potulukira madzi. Makwerero a pansanja adali atadyedwa ndi chiswe kalekale. Koma pambali penipeni pa nsanjayo padali mpapaya wautali, wowongoka bwino, nsonga yake italekezera pafupi ndi chivindikiro cha thanki. Inde ndikudziwa, mwana aliyense amadziwa kuti mpapaya sakwera, m'kati mwake ndi mphako yokhayokha. Koma kodi munthu woti wasamba madzi ozizira m'Juni masiku angapo amaganiza? Ndidavula nsapato, ndidakumbatira mtengo, ndidayamba kukwawa, utomoni ukundiyabwa m'mikono. Ndidafika pamwamba, ndidatambasula dzanja kuti ndigwire thanki, ndidangomva kuti phwa! Kenaka ine, masamba, ndi mapapaya aawisi tonse tidafikira limodzi pansi, ine chagada.

Ndili gone pomwepo, mpweya utandithawa, ndidamva belu la njinga. Adali alamu anga a Filipo, mchimwene wake wa Nabanda, amene ankagulitsa mtedza kumalire ndipo ankadzera kwathu pobwerera ku Mkanda. Adandidzutsa akuseka, nanga si mlamu, chisoni achitenga kuti. Pamenepo ndidakumbukira kuti malume awo, a Malizani, amenenso adali ankhoswe a banja lathu, adagwirako ntchito ya zitsulo kumishoni ku Guilleme ali mnyamata, ndipo adali ndi bobojani, sipanala yaikulu ija yomasulira mapaipi.

"Alamu," ndidatero ndikubuula, "mukafika kauzeni a malume abwere ndi bobojani wawo. Muwauze kuti ndagwa mu mpapaya, m'nyumba muno sizikutenthanso, ndayesa zonse zakanika, ndipo mlongo wanu watopa nazo."

A Filipo adasiya kuseka, adandiyang'ana. "Ndikanene choncho, alamu?"

"Chonchobe. Osachotsa kanthu."

Anzanga, ine ndine Mchewa. Ndimadziwa bwino lomwe chimene anthu amatanthauza akati mwamuna uje adagwa mu mpapaya, kuti kuchipinda zake zidada, ndipo ndidasekapo ena ndi mawu omwewo pabawo. Koma tsiku limenelo msana unkawawa, mutu udali m'mapaipi, ndipo mpapaya umene ndinkaudziwa udali wokhawo wothyoka uli pambali panga. A Filipo mpaka lero amalumbira kuti uthenga adaufikitsa wonse, adangoiwalako liwu limodzi lokha. Liwulo lidali bobojani.

Kudikira sindimatha. Mawa lake ndili kuntchito, ndikuyenda chopendekera, ndidadandaulira dalaivala wina, iye n'kundiuza za pulambala wa ku Chipata dzina lake Sakala, amene amakonza mapaipi m'nyumba zogona alendo. Ndidamutumira mawu kuti abwere Loweruka, a malume akachedwa ntchito iyambe.

Loweruka m'mawa ndidamva odi. Ndituluke, a malume ali m'jekete ya kutchalitchi, pambuyo pawo azakhali ake a Nabanda, a Nankhoma, nkhope zonse ngati akudzazonda matenda a kayakaya. Ndidayang'ana pakaliyala ya njinga, bobojani palibe, pali kathumba ka pulasitiki kokha. Ndidati mwina ayambe aona kaye ntchito. Azakhali adamugwira dzanja Nabanda n'kupita naye kukhitchini, a malume adakhala pampando pabalaza, adavula chipewa, adatsokomola.

"Akamwini, uthenga tidaulandira. Pepani kwambiri. Mwachita chamuna kunena poyera, ambiri amafa nazo."

"Zikomo, malume. Nanga ndibisiranji? Aneba onse akudziwa kale."

"Aneba?" Adapukusa mutu. "Chabwino. Zidayamba liti?"

"Kufa kwenikweni ndi sabata ino. Koma kunena zoona, chilowereni m'nyumba muno mphamvu idali yochepa. Zimayamba bwino, kenaka kutsokomola, kenaka zii."

"Hmm. Mwayesapo chiyani?"

"Chimene sindidayese n'chiyani, malume? Ndasonkhezera, ndagogoda ndi sipanala, mpaka waya ndalowetsamo."

A malume adatsinzina. "Waya?"

"Woyanikira zovala. Adakaniriramo, akadali momwemo. Mukufuna muone?"

"Ayi, ayi, ayi! Khalani pansi, akamwini, khalani pansi."

Ndidakhala, ndikudabwa kuti mmisiri wanji wokana kuona ntchito. Ndidawauza kuti m'maganizo anga vuto ndi ukalamba basi, dzimbiri, nanga zinthu za nthawi ya atsamunda zingalimbe mpaka liti? Iwo adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti sindikuoneka wamkulu choncho. Adafunsa kuti nanga mwana wawo akuti bwanji, ine osaganiza n'komwe ndidati, "Akudandaula, malume. Dzana adanena kuti zikapitirira azikathandizidwa kwa aneba."

Mkulu uja adagwira pamtima. Kenaka adamasula kathumba kaja n'kutulutsa mizu yomanga ndi luzi. Adali gondolosi. Adati ndizigwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo, ndisadumphitse. Ine ndidaitembenuza mizuyo, ndidainunkhiza, n'kufunsa ngati ndiziponya m'thanki kapena mumgolo.

"Mutchule mmene mungatchulire," adatero a malume, "koma idzere m'kamwa."

Apa kabelu kakadayenera kulira m'mutu mwanga. Kadalira pang'ono, koma ine maso adali pawindo, ndikudikira Sakala. A malume adasendeza mpando, adatsitsa mawu.

"Akamwini, mizu ikakanika, makolo adali ndi njira ina. Si yokoma, ndipo abambo mfumu sangaivomere, koma mabanja ena adapulumukira momwemo. Pamabwera munthu wina kudzathandiza, mwakachetechete, mwini nyumba atachokapo. Sindikuti tichite, ndikungotchula."

"Aa, malume, zimenezo ndaganiza kale!" ndidatero mokondwa. "Ndaitana wina wa ku Chipata, akubwera lero lomwe. Akuti ndi katswiri, kumene wadutsa amayi amachita kumuyamika. Ndipo ine sindichokapo ayi, ndikhala pomwepo ndizionerera kuti ndiphunzireko."

Sindidaonepo munthu wamkulu akutsegula pakamwa choncho. Asadapeze mawu, panja padamveka likhweru, chitseko chidatseguka, adalowa mwamuna wamtali, wa ovolosi yomasula mabatani pachifuwa, chikwama chili paphewa.

"Odi kuno! Ndimwe ba Phiri? Ndine Sakala. Osawori mudala, nchito iyi nimaiziba, manje manje vizankhala bwino. Ba madamu bali kuti? Banionetse kwamene niyambire."

Kukhitchini kudamveka mfuu. Azakhali adatulukira chitenje chili m'manja, akulira ngati pagwa maliro. "Mayo ine! Fisi masanasana! Fisi wachikwama! Mwana wa achimwene anga ine!"

Fisi. Liwu limenelo ndi limene lidanditsegula m'maso. Zonse zidabwerera nthawi imodzi, mpapaya, kusatentha, waya, aneba, gondolosi ali m'manja mwanga. Thukuta lidatuluka m'Juni muja. Ndidangoloza kubafa, zimene zidangoonjezera moto chifukwa Sakala adayamba kulowera komweko akupinda manja a ovolosi.

Adatipulumutsa ndi Nabanda. Iye kukhitchini kuja adali atazindikira kale, azakhali atangoyamba kumufunsa mafunso a kuchipinda, koma m'malo mothamanga kudzandiletsa adaima kuseri kwa chitseko kumvetsera mpaka pamapeto. Adatulukira misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

"Abambo, tsekani pakamwa, mwalankhula zokwanira. Malume, azakhali, tiyeni kuseri."

Tidazungulira nyumba tonse pamzere. Adawaonetsa mpapaya wothyoka, mpiru wofutsidwa, mgolo, ndi waya akulendewera kumpopi wa m'bafa. Ine pambuyo ndikungobwereza kuti mwaona, mwaona, mpapaya weniweni, wa mapapaya. Ndidakwezanso malaya kuti aone mabala a kumsana, azakhali n'kutembenukira kumbali. Sakala, amene sadamve chilichonse cha zimene zinkachitika, adamasula paipi pamene imatulukira mumgolo, adagogoda pansi, mudatuluka chibuma cha dzimbiri ndi matope, adazula waya uja, adabwezeretsa zonse, ndipo dzuwa lisadapendeke mpopi wofiira udali ukufuka nthunzi.

Ndidapuma, ndidati basi dzina langa layera. Koma powaperekeza, a malume adandikokera pambali, adandisisita paphewa.

"Akamwini, mwakonza bwino. Mpaka kuthyola mtengo! Mwamuna azitero, azisunga ulemu wa nyumba yake. Ife sitinena kanthu. Koma mizuyo musataye."

Ndidalumbira, ndidatchula Mulungu, ndidatchula manda a agogo anga, iwo ankangogwedeza mutu mwachifundo. Adakwera njinga, azakhali pakaliyala, ndipo ndikudziwa kuti asadafike n'komwe ku Mkanda nkhani idali itafika kale.

Madzulo ake ndidamufunsa Nabanda chifukwa chimene adandilekerera ndikudzikumbira dzenje. Adasiya kuseka. "Nthawi yonseyi chala chakhala chikuloza ine," adatero. "Kuchigayo ine, kuchitsime ine, kutchalitchi ine. Inu palibe adakufunsanipo. Ndimafuna mulaweko tsiku limodzi lokha." Adanena zoona, ndipo manyazi amene ndidamva apa adaposa a m'mawa aja.

Tsono mverani mmene Mulungu amasekera. Sipadapite nthawi, Nabanda adayamba kudana ndi fungo la sopo, kenaka kulakalaka dothi la pachulu, ndipo chaka chotsatira, chimanga chili chachiwisi, tidalandira mwana wamwamuna. Chimwemwe chake sindingachifotokoze, ndidalira ngati mwana pakhonde la chipatala. Za kutha kwa banja sizidamvekenso. Koma anthu akumudzi amawerenga miyezi kuposa anamwino, ndipo atawerenga chobwerera adakafika pa Loweruka lija. Mudzi udagawikana ngati nthawi ya kampeni, ena chipani cha gondolosi, ena chipani cha Sakala. Chipani changa chidali ndi anthu awiri, ine ndi mkazi wanga.

Ndidati palibe kanthu, akamuona mwanayo atseka pakamwa, chifukwa adali ine ndendende, chipumi, mphuno, ndi makutu anga otambalalawa. Atakhwima tidapita naye ku Mkanda, ine nditavala suti, ndikuyenda ngati ndapambana mlandu. Azakhali adamulandira, adamuvundukula, adayang'ana mwana, adayang'ana ine, adayang'ananso mwana. Ine mtima uli m'malo, ndikudikira chipepeso changa.

"Iii, koma abale," adatero azakhali akugwedeza mutu, "wa ku Chipata uja ntchito amaidziwadi. Wakopera mpaka makutu!"

Bwalo lonse lidagwa nacho chiseko, a Filipo mpaka adagubuduka pamphasa, ndipo Nabanda, mkazi wanga wa ine mwini, adabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka.

Kuyambira tsiku limenelo ndidalumbira. Paipi ikatseka ndimasamba ozizira mwakachetechete, uthenga sindituma mlamu, ndipo ndikadzagwanso mumtengo, kaya anthu akuona, kaya mapapaya ali mbwee pambali panga, ine ndidzanena kuti udali mango.